Fortún Apita kwa Yakobo Woyera Ali M'thumba

Fortún ankagwira ntchito yoponda ubweya wa nkhosa. Bambo ake ankapondanso ubweya m'shedi yomweyo ya m'mphepete mwa mtsinje wa Júcar, kumunsi kwa Cuenca, ndipo anamwalira Fortún asanamere ndevu. Mawa lake mwini shedi anangoloza makwerero, Fortún n'kukwera.

Nkhosa zikametedwa, ubweya unkachapidwa mumtsinje, kuyanikidwa pa udzu, kenako n'kubwera nawo ku shedi. Kumeneko ankapachika chithumba chachitali pa mitanda, kukamwa kuli m'mwamba, Fortún n'kulumphiramo. Anzake ankamuponyera ubweya pamutu, iye n'kumaponda. Poyamba sankaoneka. Kenako pankatulukira tsitsi, kenako mapewa, ndipo mawondo akaonekera ankatuluka, thumbalo n'kusokedwa, lina n'kupachikidwa. Matumbawo ankapita ku Burgos pa nyulu. Fortún ankatsala.

Ntchitoyi inamulowa m'miyendo. Ngakhale panja ankayenda mokweza mawondo, ngati munthu amene akuwoloka dambo, ndipo ankachedwa kufika kulikonse. Msuweni wake Blasco, amene ankayendetsa nyulu, ankamutcha dokowe. Fortún ankangopitiriza kuyenda. Sanali munthu wolankhulalankhula, chifukwa m'thumba ukatsegula pakamwa mumalowa ubweya.

Vuto lake linali amayi ake, a Urraca. Fortún ali khanda anadwala pakhosi mpaka maso kutembenuka, ndipo a Urraca anawinda kwa Yakobo Woyera kuti mwanayo akachira adzapita wapansi kumanda ake ku Santiago. Mwanayo anachira. Palibe amene anamufunsa maganizo. Anakula, tsitsi n'kuyamba kuyera, asanapite. Nyengo yotentha kunali ubweya, ndipo nyengo yozizira chipale chofewa chinkatseka mapiri. Ulendo wina ananyamukadi, ndodo m'manja, koma ndi kayendedwe kake kaja anali asanawoloke mlatho wa kumapeto kwa mudzi pamene mwini shedi anamupeza n'kumuuza kuti ubweya wauma. Anabwerera.

A Urraca anakalamba. Anzawo onse anapita, mano anatha, maso anachita chifunga. Koma kufa anakana. Ankati sangakakumane ndi Yakobo pachipata ali ndi mlandu wotero, poti woyerayo amadziwika kuti ndi wamtima wapachala ndipo amayenda ndi lupanga. Wansembe wa mudziwo, Bambo Ginés, anawadzoza mafuta a odwala kangapo konse. Nthawi iliyonse a Urraca ankagona mwaulemu, manja pachifuwa, anthu n'kuyamba kusonkhana, koma m'mawa ankawapeza pabwalo akupatsa nkhuku chakudya.

"Ndatopa, Fortún," ankatero akamamupakulira mphodza. "Anzanga onse akupuma. Ine ndikudzukabe m'mawa uliwonse chifukwa cha iwe. Yakobo akandifunsa ndikamuuza chiyani? Kuti mwana ali m'thumba?"

Fortún ankadya, maso ali m'mbale. Zinkamuwawa. Ankaona mmene amayi ake ankagwirira khoma poyenda, ndipo ankadziwa kuti sakunama.

Amene anapeza njira anali Bambo Ginés, tsiku lina akuchokera kwa a Urraca ndi kabotolo ka mafuta katatsala pang'ono kutha. Anaima pakhomo pa shedi n'kumayang'ana mutu wa Fortún ukukwera ndi kutsika m'thumba. Anakumbukira kuti masisitere otsekeredwa, amene saloledwa kutuluka pachipata, amayenda ulendo wa ku Yerusalemu mongozungulira bwalo la nyumba yawo, ndipo Mpingo umawawerengera kuti afika. Anaona kuti ngati sisitere angafike ku Yerusalemu pozungulira chitsime, munthu amene amayenda tsiku lonse angafike ku Santiago, komwe n'kufupi.

Anaika malamulo. Fortún akanyamuka asapitenso kunyumba kufikira atabwerako, chifukwa munthu sangakhale pa ulendo n'kumagona kwawo. Ndipo pakhale munthu wodziwa njira amene azimuuza moona kumene wafika. Mwini shedi anavomera msanga, chifukwa zinkatanthauza kuti woponda wake azigona pantchito. Wodziwa njira anali Blasco.

Fortún ananyamuka nkhosa zitangometedwa. Anamudalitsa m'tchalitchi, anamupatsa ndodo, chipewa chachikulu ndi chipanda cha madzi. Anatsanzikana ndi amayi ake pakhomo, a Urraca n'kumulangiza kuti asamamwe madzi osadziwa kumene achokera. Kenako anawoloka msewu, chifukwa shedi inali moyang'anizana ndi nyumba yawo, n'kulowa m'thumba.

Masiku oyamba anayenda bwino. Blasco ankakhala pa mulu wa ubweya akudya anyezi, n'kumamuuza zimene akudutsa. Apa pali minda ya tirigu. Apa pali nyumba ya alendo ya mayi wa diso limodzi, usalowemo, muli nsikidzi. Atafika ku Trillo anamuchenjeza kuti ayende pakati pa mlatho chifukwa mtsinje wa Tajo wadzaza, ndipo Fortún anaponda pakati penipeni pa thumba, manja atatambasula. Thumba limenelo linatuluka lolimba pakati, lofewa m'mbali, mwini shedi n'kudandaula.

Blasco akapita ndi nyulu ku Burgos, Fortún ankayenda yekha osadziwa kumene ali. Blasco akabwera ankayang'ana matumba amene aunjikidwa, kuyang'ana mapazi a msuweni wake, n'kugamula.

"Dokowe, uli ku Cifuentes."

"Basi? Ndimayesa ndadutsa."

"Ndi miyendo imeneyo? Thokoza kuti suli pamlatho wa kwanu uja."

Anthu a m'mudzi anayamba kumubweretsera chakudya. Munthu amene wakhala naye moyandikana moyo wonse sumupatsa kanthu, koma wapaulendo wa kwa Yakobo ndi nkhani ina, kumupatsa mkate ndi dalitso. Ankabwera ndi tchizi, adyo, nthawi zina vinyo, n'kumupempha kuti akawatchule akakafika. Ankamufunsa dzina lake ndi kwawo, monga amafunsira mlendo aliyense, ndipo iye ankayankha mwaulemu. Atamva kuti ku Atienza kuli agalu olusa analowa ndi ndodo m'thumba, n'kuliboola.

Amayi ake ankawaona tsiku lililonse atakhala pakhomo tsidya la msewu. Sankawapatsa moni. Iwonso sankamuyang'ana. Akafuna kumuuza kanthu ankatuma Blasco, ndipo uthengawo unkadikira kufikira tsiku limene nyulu zikunyamuka, chifukwa uthenga suyenda wokha.

Ubweya utatha, chisanu n'kuyamba, Fortún anali ku San Esteban m'mphepete mwa Duero. Popanda ubweya panalibe choponda, choncho Bambo Ginés anati chipale chamutsekera kumeneko. Anakhala m'shedi yopanda kanthu nyengo yonse yozizira, atadzifunditsa matumba. Anati anthu a ku San Esteban ndi osachezeka.

Chaka chotsatira anadutsa ku Silos n'kufika ku Burgos. Apa ndi pamene zinasokonekera.

Kwa anthu a ubweya msewu ndi umene ubweya umadutsa. Ukafika ku Burgos, amalonda amaukweza kupita kumpoto, kudutsa mapiri mpaka kunyanja. Blasco anali atapitako kamodzi kukathandiza mnzake amene nyulu zake zinadwala. Aliyense ankadziwa kuti Yakobo Woyera amakhala kufupi ndi nyanja, ndipo apaulendo ake amabwera atavala zigoba za m'nyanja. Choncho Blasco sanaganize kawiri. Anamutsogolera kumpoto. Bambo Ginés, amene anali asanadutsepo Cuenca, sanaone cholakwika.

Fortún anakwera mapiri chilimwe chonse. Matumba a chitunda ankatuluka olimba ngati mwala, mpaka amalonda a ku Burgos anatumiza mawu oyamikira. Tsiku lina Blasco anaimirira, kununkhiza m'mwamba, n'kunena kuti akumva fungo la nsomba. Mawa akhala atafika.

Mudzi unakonzeka. Anapha mwana wa nkhosa. A Urraca anasamba, anavala diresi yawo yakuda imene anaisunga kuti adzaikidwe nayo, anagawa nkhuku zawo kwa oyandikana nawo, n'kugona.

M'mawa wa tsikulo panadutsa mayi wina wachilendo, wotsimphina, chigoba chili pachipewa. Dzina lake linali Guiomar, wamasiye wa ku Requena, ndipo ankachokera ku Santiago kwenikweniko pobwerera kwawo. Ataona anthu atadzaza pa shedi anapatuka, iwo anamupatsa mkate, n'kumufotokozera kuti munthu ali m'thumbayo watsala pang'ono kufika kwa Yakobo. Guiomar sanaseke. Anali ataona zambiri m'njira. Anangofunsa kuti ku León anagona kuti, poti iye anabedwa nsapato kumeneko.

Blasco anati ku León sanadutseko.

Guiomar anafunsa za Sahagún, za Astorga. Blasco anatchula midzi imene anadutsa. Mayiyo anasiya kutafuna.

"Bambo inu muli m'thumbamo, imani," anatero. "Mukaponda kawiri mugwera m'madzi. Muli ku Laredo, pamene amakwezera ubweya m'zombo. Yakobo ali kumadzulo, kutali."

Fortún anaima mwendo umodzi uli m'mwamba. Anautsitsa pang'onopang'ono, chakumbuyo.

Blasco anayesa kudziteteza. Anati nyanja ndi imodzi, ndipo woyera amene ali ndi hatchi angathe kubwera yekha kudzakumana ndi mlendo wake. Wina anati bwanji angomukweza m'chombo apite ku Flandes, tsidya la nyanja, ndi ubweya, mwina kumeneko kuli woyera wina wosavuta. Bambo Ginés anagwira kumutu. Uthenga unafika kwa a Urraca nthawi yomweyo, chifukwa uwu sunali wochokera kwa Fortún. Anadzuka, anavula diresi, n'kuyamba kuyendera makomo kuitanitsa nkhuku zawo. Podutsa pa shedi sanayang'ane mwana wawo, poti anali ku Laredo, koma Blasco anali pompo.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, nyulu zako ndi zimene zimakutsogolera eti? Ukanafunsa izo."

"Azakhali, msewu wake ndi womwewo umene…"

"Wanditayira mwana kunyanja. Ukandibwezere nkhuku yanga yamawangamawanga, mkazi wako akuti waipha kale."

Mwana wa nkhosa uja anadyedwabe, chifukwa anali atapsa. Fortún anapatsidwa mwendo. Atadya anafunsa Bambo Ginés mmene munthu amabwererera m'thumba. Wansembeyo anaganiza, n'kumuuza kuti atembenuke. Kwa zaka zonse Fortún ankaponda atayang'ana kukhomo. Tsiku limenelo anayang'ana kukhoma, ndipo ubweya unatha ali m'njira yobwerera ku Burgos.

Guiomar sanapitirire ulendo wake. Bondo lake linali litatupa, kwawo kunalibe womudikira, ndipo anthu anamupempha kuti atsale atsogolere. Anali wosiyana ndi Blasco. Sankalumpha mudzi ngakhale umodzi. Kuchigwa cha Castilla anamuyendetsa masiku ambiri osamuuza kanthu, ndipo Fortún akafunsa zimene zikuoneka ankayankha kuti palibe, ndi tirigu yekhayekha, ayende. Ku León anamulanda nsapato. Fortún anati saponda ndi nsapato, zimangokhala pakona, koma Guiomar anati ku León aliyense amabedwa, n'kuzitenga. Pamudzi umene Guiomar mwiniyo anadwala m'mimba pa ulendo wake anamuletsa kudya. Pokwera phiri la Cebreiro anauza oponya ubweya kuti azimuwaza madzi, chifukwa ku Galicia, dera limene kuli Santiago, mvula sikata, ndipo mwini shedi atakalipa kuti ubweya ukunyowa, Guiomar anamuuza kuti akadandaule kwa amene analenga Galicia.

Fortún anawonda. Koma anayamba kulankhula pang'ono. Madzulo ankauza obweretsa mkate kuti vinyo wa kuno ndi wowawasa poyerekeza ndi wa kwawo, ngakhale unali wochokera mumtsuko womwewo.

Anafika ku Santiago dzuwa lili paliwombo, tsiku wamba, anthu ambiri ali kumtsinje. Guiomar anangoti nsanja za tchalitchi cha Yakobo ndi zimenezo. Fortún anatuluka m'thumba, anavula chipewa, n'kufunsa chimene amachita anthu akafika. Guiomar anati amakwera kuseri kwa guwa n'kukumbatira chifanizo cha woyerayo. Fortún anakumbatira nsanamira ya shedi. Anakhala choncho nthawi yaitali, chipumi chili pamtengo, akutchula mayina a onse amene anamupatsa mkate, ndipo pomaliza anatchula amayi ake. Guiomar anamasula chigoba pachipewa chake n'kumumangirira pakhosi.

Bambo Ginés anathamangira tsidya la msewu ndi mafuta. Anauza a Urraca kuti chowinda chakwaniritsidwa, tsopano angathe kupita mumtendere. A Urraca analira pang'ono, anathokoza, n'kupempha diresi ija. Ali mkati movala anaima.

"Ndiye ndife mwana wanga ali ku Galicia? Anditseke maso ndani, Blasco? Mukamuuze abwere."

Fortún atauzidwa sanadandaule. Anamwa madzi, n'kulowanso m'thumba.

Koma tsopano thupi la a Urraca linali litamva kuti mlandu watha, ndipo linayamba kudzimasula lokha. Anasiya kudya. Nkhuku zinkalira pabwalo iwo osatuluka. Fortún ali ku Astorga, Bambo Ginés anabwera ku shedi nkhope itagwa, nati ulendo uno ndi weniweni, mayiwo sakhalitsa. Fortún anayamba kuthamanga m'thumba. Oponya ubweya analephera kumukwanira. Guiomar anati ngakhale athamange chotani, Astorga ndi Astorga.

Blasco ndi amene anakumbukira kuti chowinda chinali chopita wapansi, za pobwerera sichinanene. Bambo Ginés anavomereza. Blasco anatenga nyulu yake yamphamvu kuposa zonse, anailowetsa m'shedi, Fortún n'kukwera. Nyuluyo inaima pakati pa shedi ikutafuna udzu, Fortún atawerama pakhosi pake ngati munthu wothamangitsa, Guiomar akutchula midzi mofulumirirapo. Anadutsa ku León osaima. Atafika ku Burgos, Guiomar anapereka ulendo m'manja mwa Blasco, chifukwa kuyambira apo msewu unali wake.

Blasco ankayang'ana tsidya la msewu, kumene amayi oyandikana nawo anali atayamba kulowa m'nyumba mmodzimmodzi. Anatchula Burgos, kenako Atienza.

"Silos sitinadutse," anatero Fortún.

"Tadutsa, unatsinzina."

"Sindinatsinzine. Unandinamiza kamodzi, asuweni. Bwerera."

"Azakhali akutha, munthu iwe."

"Ndikafika mwachinyengo adziwa."

Blasco anatukwana chapansipansi, n'kubwerera ku Silos.

Ali chakumtsinje wa Duero, udzu unatha. Nyulu inayang'ana uku ndi uku, n'kuona pabwalo pa a Urraca, pamene panali chakudya cha nkhuku chitatayika. Inatuluka m'shedi. Fortún anakoka chingwe koma sinamvere. Ataona kuti akuwoloka msewu wa kwawo iye ali ku San Esteban, anatseka maso zolimba. Anthu amene anali pamsewu anatembenukira kumbali kuti asamuone. Nyuluyo inakaima pansi pa zenera la a Urraca n'kuyamba kudya.

Fortún anakhala pamenepo maso ali chitsekere. Ankamva kupuma kwa amayi ake, kokoka ngati chitseko cholemera. Kenako kunamveka mawu, aang'ono kwambiri.

"Uli pati?"

Fortún anazengereza, poti munthu wa ku San Esteban samveka ku Cuenca. Koma anayankha.

"Ndawoloka Duero, amayi."

"Fulumira."

Blasco anaima pambali pa nyuluyo, chipewa chili m'manja, n'kumatchula midzi yonse mwadongosolo lake, osalumpha ngakhale umodzi, koma osapumira. Retortillo. Atienza. Cifuentes. Pa Trillo mawu anamuthera, Guiomar n'kumugunda ndi chigongono, napitiriza. Kupuma kwa m'nyumba kunkaima, n'kuyambanso. Blasco anatchula Cuenca, anatchula mtsinje, anatchula mlatho wa kumapeto kwa mudzi, kenako anati, "Tsika, wafika."

Fortún anatsegula maso. Anatsika n'kulowa. Amayi amene anali m'nyumbamo anamupatsa moni wa munthu wochokera kutali, ndipo wina anamufunsa ngati wayenda bwino. Anati wayenda bwino. Anagwada pambali pa bedi.

A Urraca anamupapasa nkhope, khosi, mpaka anapeza chigoba chija. Anachigwira nthawi yaitali. Anamufunsa ngati Yakobo ananenapo kanthu za kuchedwa, Fortún nati sananene kanthu. Anapumira m'mwamba. Kenako anakwinya mphuno.

"Ukununkha nyulu. Ukasambe usanandinyamule."

Fortún anati akasamba. Anakhalabe pomwepo atagwira dzanja lawo kufikira linalemera, ndipo anawatseka maso ndi chala chake chachikulu. Atatero anatenga ndowa n'kutsikira kumtsinje.